Chitetezo cha m'thupi chikaukira chiwindi: mafunso ndi mayankho okhudza moyo wa wodwala

Munthu akangouzidwa kuti nthenda yake ya chiwindi ndi yosachiritsika, zonse zimene adokotala alankhula pambuyo pake sazimvanso. Amatuluka m'chipinda muja buku la kuchipatala lili m'manja, m'mutu muli funso limodzi limene anaopa kufunsa. Mayankho ali m'munsiwa ayambira pa funso lomwelo. Akukamba makamaka za autoimmune hepatitis, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira chiwindi cha mwini wake, koma akhudzanso abale ake awiri, PBC ndi PSC, amene ndi matenda a mipaipi ya ndulu, chifukwa anthu amasokoneza atatuwa pomwe mayendedwe awo ndi osiyana.

Andipeza ndi autoimmune hepatitis. Kodi ndatsala ndi zaka zingati?

Palibe dokotala woona mtima amene angakutchulireni nambala ya zaka pa tsiku loyamba. Komabe zilipo zimene zikudziwika bwino. Mwa anthu 10 alionse amene nthendayi yawapeza n'kuyamba kulandira mankhwala, 8 kapena 9 amakhala adakali moyo pakatha zaka 10, ndipo ambiri a iwo amakhala akupita kuntchito, akulima, akulera ana awo. Amene nthenda yagwidwa chiwindi chisanaume, magazi n'kukhazikika ndi mankhwala, amakhala zaka zoyandikana kwambiri ndi za anzawo a msinkhu umodzi amene sadwala.

Sindikuti nthendayi ndi ya masewera. Madokotala a ku Sheffield, ku England, anatsatira odwala awo kwa nthawi yaitali ndipo mu 2011 anafalitsa zimene anapeza. Pakutha pa zaka 10, odwala 91 mwa 100 anali asanamwalire ndi vuto la chiwindi kapena kufunika kuikidwa chiwindi china. Pakutha pa zaka 20 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 70. Amene zinawavuta kwambiri anali amene anafika chiwindi chitafooka kale, amene magazi awo sanakhazikike m'chaka choyamba, ndi amene nthenda inkangowabwerera. Ndiye funso lothandiza kupita nalo kwa adokotala ndi lakuti: chiwindi changa chili pati lero, ndipo magazi anga akuwamvera mankhwalawa? Yankho la zaka lija limachokera pa mayankho awiriwa.

Nthendayi ndi yotani kwenikweni? Ndi imodzimodzi ndi hepatitis B?

Ayi. Mawu akuti hepatitis amangotanthauza kutupa kwa chiwindi, ndipo zotupitsa chiwindi n'zambiri. Hepatitis B ndi C zimabwera ndi kachilombo kochokera kwa munthu wina. Autoimmune hepatitis ilibe kachilombo. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi majeremusi, amasokonezeka n'kuyamba kumenya chiwindi ngati mlendo. Kutupako kukapitirira miyezi ndi zaka kumasiya zipsera, ndipo zipserazo zikachuluka chiwindi chimauma n'kuchita mabuwa. Pamenepo ndi pamene adokotala amati cirrhosis.

Odwala pafupifupi 3 mwa 4 alionse ndi akazi, koma imagwiranso amuna, ana ndi okalamba. Nthawi zambiri imayendera limodzi ndi matenda ena a chitetezo, monga a chithokomiro, nyamakazi yotupitsa mfundo, kapena shuga woyamba paubwana. Pali mankhwala enanso amene amatha kuidzutsa, monga nitrofurantoin wa matenda a chikhodzodzo ndi minocycline wa ziphuphu, n'chifukwa chake adokotala amafunsitsitsa za mapiritsi onse amene mwamwapo.

Kwathu kuno munthu akachita chikasu, adokotala amayamba kaye aganizira zofala: hepatitis B, malungo, mowa, likodzo la m'matumbo limene limawononga misempha ya chiwindi, mankhwala a TB ndi ma ARV ena. Amachita bwino kutero, poti zimenezi n'zimene zimapezeka tsiku ndi tsiku. Vuto lake n'lakuti nthenda yosowayi imatha kubisala kuseri kwa zofalazo kwa nthawi yaitali. Kuti itsimikizike pamafunika kuyeza IgG, imene ndi puloteni ya chitetezo yopezeka m'magazi, ndi zizindikiro za m'magazi zotchedwa ANA, SMA ndi anti-LKM1, kenako kutapa kachidutswa ka chiwindi ndi singano kuti akakaunike. Zimenezi sizichitika pa chipatala chaching'ono. Munthu amatumizidwa ku zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena University Teaching Hospital (UTH) ku Lusaka, ndipo nthawi zina magazi amapita ku malabu olipira. Ngati chikasu chikubwerabwera, hepatitis B ndi C mulibe, mowa simumwa, funsani mwaulemu koma molimba mtima ngati nthenda ya chitetezo yaganiziridwapo. Safunsa anadya phula.

Nanga bwanji pa intaneti ndawerenga kuti anthu amafa m'miyezi 6?

Mwawerenga mbiri yakale, kapena mwawerenga za amene sanalandire mankhwala. Nthendayi anaifotokoza koyamba ndi dokotala wa ku Sweden, Jan Waldenström, mu 1950, ataiona mwa atsikana ndi amayi achitsikana. Nthawi imeneyo panalibe chithandizo chodalirika, ndipo mwa amene inawagwira mwamphamvu, mpaka 4 mwa 10 ankamwalira m'miyezi 6. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunachitika kafukufuku ku Royal Free Hospital ndi King's College Hospital ku London, komanso ku Mayo Clinic ku America. Onse anapeza chimodzimodzi: prednisolone, payekha kapena pamodzi ndi azathioprine, amapulumutsa moyo. Mankhwala awiri omwewo ndi amene akadali msana wa chithandizo mpaka lero, ndipo prednisolone amapezeka ngakhale m'zipatala za m'maboma.

Ziwerengero zoopsa zija zikadali zoona kwa munthu mmodzi: amene nthenda yamugwira mwamphamvu koma sakumwa mankhwala.

N'chiyani chimasonyeza kuti zinthu zikuyenda bwino?

Magazi. Mmene mukumvera m'thupi si mboni yodalirika pa nkhani ya chiwindi, chifukwa chiwindi chimawonongeka mwakachetechete. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amatha kunenepa, maso kuyera, chakudya kumalowa, chikhalirecho m'kati kutupa kukadalipo.

Adokotala amayang'ana ALT ndi AST, zimene zimakwera m'magazi chiwindi chikatupa, komanso IgG. Cholinga ndi chakuti zonse zitatu zifike pa mlingo wa munthu wabwinobwino, osati kungotsikako, ndipo amayembekezera kuona zimenezi m'miyezi 6 mpaka chaka. ALT yotsala pamwamba pang'ono chaka ndi chaka imaoneka ngati yosadetsa nkhawa, koma ndi makala obisala m'phulusa. Zipsera zimapitirira kuwonjezekera. Ngati zili choncho, kambiranani ndi adokotala za kusintha mlingo kapena mankhwala. Pali mycophenolate ndi tacrolimus kwa amene azathioprine wawakana kapena sakuwathandiza.

Zina zimene zimalemetsa ulendo ndi kudwala muli mwana, kufika kuchipatala chiwindi chitauma kale, kunenepa kwambiri, shuga, mowa, ndi kukhala ndi nthenda ina ya chiwindi pambali. Madokotala a ku America ndi ku Britain anaonanso kuti odwala achikuda kawirikawiri amafika nthenda itapita patali. Abale athu amene ali ku London, Manchester kapena Johannesburg asamazengereze kukayezetsa magazi akaona kutopa kosatha, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena maso achikasu.

Andiuza kuti chiwindi chauma kale. Ndiye kuti zatha?

Sizinathe. Munthu wamkulu mmodzi mwa 3 alionse amapezeka ndi nthendayi chiwindi chitauma kale, ndipo kwa ana ndi pafupifupi theka. Simuli nokha, ndipo si kuti munalakwa kanthu.

Kuuma kwa chiwindi kuli pawiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. Pali chiwindi chouma koma chimene chikukwanitsabe ntchito: palibe madzi m'mimba, palibe kusanza magazi, mutu uli bwinobwino. Munthu wotere amatha kukhala zaka zoposa 12, ambiri kupitirira apo kwambiri, makamaka chimene chikuwononga chiwindicho chikaletsedwa. Ndiye pali chiwindi chimene chayamba kulephera: mimba yadzaza madzi, miyendo yatupa, misempha ya kummero yaphulika, kapena munthu akusokonezeka, kugona usana n'kukhala maso usiku. Zikafika apa, popanda kuikidwa chiwindi china, theka la odwala sapitirira zaka 2. Ziwerengerozi ndi za kuuma kwa chiwindi kwa mitundu yonse pamodzi. Pa autoimmune hepatitis pali mwayi wina umene matenda ena alibe: kutupa kukazimitsidwa kwa zaka, zipsera zimatha kuchepa, ndipo ena amene anafika ndi madzi m'mimba amaphwa n'kuyambiranso ntchito zawo.

Ntchito yonse kwa munthu wa chiwindi chouma ndi kumusunga m'gulu loyamba lija. Amafunika kuunikidwa kummero ndi kapaipi ka kamera kuti aone ngati misempha yatupa, ndipo ikatupa amapatsidwa propranolol kapena carvedilol, kapena misemphayo imamangidwa. Adokotala amagwiritsanso ntchito miyezo yotchedwa Child-Pugh ndi MELD pofuna kudziwa mphamvu imene chiwindi chatsala nayo. Muli ndi ufulu wofunsa kuti yanu ili pati.

Ndikupeza bwino tsopano. Ndingasiye mankhwala?

Pano ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa.

Miyezi 4 yapita, chikasu chatha, mwayambanso kupita kumsika. Ku tchalitchi mwapereka umboni. Mapiritsi atha, ndalama yokwerera minibasi palibe, ndiye mukuti ndipita mwezi wamawa. Mwezi wamawa ukufika muli bwinobwino, ndiye mtima ukuti mwina ndachira. Mwezi wachitatu kapena wachisanu maso ayambanso chikasu, ndipo ulendo uno chiwindi chatsala ndi mphamvu zochepa kuposa poyamba. Nthenda ikabwerera imasiya zipsera zatsopano, ndipo pamafunikanso kuyambiranso prednisolone wambiri uja amene munali mutamuchepetsa kale.

Mwa amene amasiya mankhwala, oposa theka nthenda imawabwerera, ndipo m'magulu ena a odwala imabwerera mwa 8 kapena 9 pa 10 alionse, kawirikawiri chaka chisanathe. N'chifukwa chake madokotala saganiza n'komwe zoyesa kusiyitsa munthu mankhwala magazi asanakhazikike kwa zaka zosachepera 2 zotsatizana, ndipo akasiyitsa amatero pang'onopang'ono, akuyeza magazi pafupipafupi. Amene chiwindi chauma kale, kapena amene nthenda inawabwererapo, nthawi zambiri amamwa moyo wawo wonse. Alipo ochepa amene amasiya osadwalanso, koma amenewo amadziwika ndi magazi, osati ndi mmene akumvera.

Palinso ngozi ina yapadera. Prednisolone akamwedwa kwa masabata angapo, thupi limaleka kupanga lokha mphamvu yofanana naye. Kumusiya mwadzidzidzi kungagwetse munthu: kufooka koopsa, kusanza, magazi kuthamanga motsika kwambiri, ngakhale imfa. Mukaona kuti mapiritsi atsala a sabata imodzi, yambanipo kufunafuna ena.

Kupemphera ndi kumwa mankhwala sizilimbana. Aliyense wokuuzani kuti mutaye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro sadzakhalapo usiku umene mudzasanze magazi.

Mankhwalawa akunditupitsa nkhope ndipo sindigona. Kodi sakundiwononga kuposa nthendayo?

Dandaulo limeneli ndi loona ndipo siliyenera kupeputsidwa. Prednisolone amazunguliza nkhope ngati mwezi, amabweretsa njala yosatha, ziphuphu, kupsa mtima msanga ndi kusowa tulo. Mtsikana wa zaka 19 amene anzake ayamba kumufunsa ngati ali ndi pakati, amamva kuwawa kumene nambala za ALT sizingamutonthoze, ndipo atsikana ambiri amasiyira mankhwala pamenepa. Pakapita nthawi prednisolone amathanso kubweretsa shuga, kukweza BP, kufooketsa mafupa ndi kuchititsa ng'ala m'maso.

Chimene muyenera kudziwa n'chakuti mlingo waukuluwo ndi wa poyambira chabe. Umachepetsedwa sabata ndi sabata, ndipo azathioprine amalowetsedwa kuti asenze katunduyo, prednisolone atsike kwambiri kapena achokeretu. Nkhope imabwerera. Imwani prednisolone m'mawa mutadya, kuti tulo tisavute. Chepetsani shuga ndi mchere, yendani tsiku lililonse, ndipo funsani za calcium ndi vitamini D zoteteza mafupa. Kwa amene chiwindi sichinaume pali budesonide, amene savutitsa thupi kwambiri, ngakhale kuti sapezeka paliponse.

Azathioprine naye ali ndi malamulo ake. Amatha kuchepetsa maselo oyera a m'magazi, choncho magazi amayezedwa pafupipafupi poyamba. Samayenderana ndi allopurinol, mankhwala a nthenda yotupitsa mfundo yotchedwa gout, pokhapokha dokotala wodziwa atasintha mlingo mwadala. Popeza mankhwala onsewa amatsitsa chitetezo, kwathu kuno m'pofunika kwambiri kuyezetsa TB, HIV ndi hepatitis B musanayambe. Chifuwa cha masabata 2, kutuluka thukuta usiku kapena kutentha thupi, musazidikirire kunyumba. Gonani m'neti. Ngati simunalandire katemera wa hepatitis B, amene ku Malawi anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, funsani za iye, chifukwa chiwindi chanu sichingapirire mdani wachiwiri.

Ine andiuza kuti ndi PBC. Zimene mwalembazi zikundikhudza?

Zina zikukukhudzani, koma mankhwala ndi ena. Pa PBC chitetezo chimawononga timipaipi ting'onoting'ono totulutsa ndulu m'kati mwa chiwindi. Odwala 9 mwa 10 ndi akazi, ambiri a zaka zapakati pa 40 ndi 60. Imadziwika ndi kukwera kwa ALP, imene imakwera m'magazi ndulu ikamavutika kutuluka, ndi chizindikiro cha m'magazi chotchedwa AMA. Kale inkatchedwa primary biliary cirrhosis, koma mu 2015 dzina linasinthidwa kukhala primary biliary cholangitis, chifukwa odwala ambiri masiku ano safika pouma chiwindi ndipo dzina lakalelo linkawaopseza pachabe.

Mankhwala ake ndi ursodeoxycholic acid, amene ambiri amangoti urso. Amaperekedwa motengera kulemera kwa thupi, mamiligalamu 13 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse patsiku, moyo wonse. Amene ayamba msanga ndipo ALP ndi bilirubin, imene imachititsa chikasu, n'kutsika bwino pakatha chaka, amakhala moyo wotalika ngati wa anthu ena onse. Koma odwala 3 kapena 4 mwa 10 urso payekha sawakwanira, ndipo amenewa ndi amene amafunika mankhwala owonjezera. Bezafibrate anaonetsa phindu pa kafukufuku wa ku France wa mu 2018, ndipo mu 2024 ku America kunavomerezedwa mankhwala awiri atsopano, elafibranor ndi seladelpar. Ngati mwanenepa kapena mwaonda kwambiri, kumbutsani adokotala kuti awerengerenso mlingo wa urso, chifukwa mlingo wochepa ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mankhwalawa amaonekera ngati sakugwira.

Chimene chimazunza kwambiri pa PBC ndi kuyabwa. Si kuyabwa kwa mphere. Kumakhala m'kati mwa khungu, m'zikhatho ndi kumapazi, kumakula usiku, ndipo munthu amadzikanda ndi chipeso mpaka magazi. Kukula kwa kuyabwako sikusonyeza kukula kwa nthenda, ndipo kuli ndi mankhwala ake, monga cholestyramine ndi rifampicin. Cholestyramine azimwedwa motalikirana ndi urso ndi maola 4, apo ayi amamugwira m'matumbo osalowa m'thupi.

Nanga PSC?

Iyi ndi yovuta pa zitatuzi, ndipo sindibisa. Primary sclerosing cholangitis imapanikiza mipaipi ya ndulu, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono yomwe. Imakonda amuna, odwala pafupifupi 2 mwa 3, a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndipo ambiri amakhalanso ndi nthenda yotupitsa matumbo aakulu yotchedwa ulcerative colitis. Mpaka pano palibe mankhwala amene atsimikizika kuti amaiimitsa.

Komabe imayenda mosiyana kwambiri munthu ndi munthu. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2013 anapeza kuti theka la odwala onse anatha zaka 21 asanamwalire nayo kapena kufunika chiwindi china. Pa zipatala zoika ziwindi, kumene kumapita odwalitsitsa, chiwerengerocho chinali zaka 13. Nambala zotsika zimene mumaziona pa intaneti zambiri zimachokera ku zipatala zoterozo. Wodwala PSC amafunika kuunikidwa mipaipi ya ndulu nthawi ndi nthawi chifukwa khansa ya m'mipaipiyi imamuyandikira kuposa anthu ena, ndipo ngati ali ndi nthenda ya matumbo ija, matumbo aziunikidwa chaka chilichonse. Kutentha thupi, kunjenjemera, kuwawa pansi pa nthiti za kumanja ndi chikasu zikabwera pamodzi, ndiye kuti ndulu yatsekeka ndipo mwalowa majeremusi. Limenelo ndi la tsiku lomwelo kuchipatala, ngakhale zikuoneka ngati malungo.

Kodi ndingathe kubereka?

Inde, amayi ambiri a autoimmune hepatitis amabereka ana athanzi. Chofunika ndi kukonzekera: nthenda ikhale itakhazikika kwa chaka chathunthu musanatenge pakati. Prednisolone ndi azathioprine amapitirizidwa nthawi yonse yoyembekezera, ndipo kuwasiya poopera mwana n'kumene kumaika mayi ndi mwana pangozi. Wosiyana ndi mycophenolate. Ameneyu amapundula mwana m'mimba ndipo amachititsa kupita padera, choncho ayenera kusinthidwa pakati pasanakhale, masabata osachepera 6.

Nthendayi imakonda kugona pamene mayi ali woyembekezera n'kudzuka akangochira, makamaka m'miyezi 3 yoyamba. Imeneyi ndi nthawi imene aliyense pakhomo maso ali pa khanda, mayi n'kuiwalika. Apongozi ndi bambo a mwana adziwe kuti mayiyo nayenso ali ndi masiku ake oyezetsa magazi, kupatula a sikelo ya mwana. Amene chiwindi chauma ayenera kuunikidwa misempha ya kummero ndi kuchirira ku chipatala chachikulu.

Ndidye chiyani, ndisale chiyani?

Palibe chakudya chochiza nthendayi, ndipo palibe chifukwa chosalira nsima, nyemba, usipa, mazira kapena nyama. Anthu ambiri a chiwindi chouma amauzidwa ndi achibale kuti asiye nyama ndi mazira, n'kuonda mpaka minofu kutha, pomwe thupi lawo likufuna zakudya zomanga thupi kuposa kale. Idyani pang'onopang'ono kangapo patsiku, ndipo musagone ndi njala: kaphala kapena kapu ya mkaka musanagone zimateteza minofu. Mchere ndi umene uyenera kuchepa ngati m'mimba muli madzi.

Mowa ndi wosiyiratu ngati chiwindi chili ndi zipsera, kaya ndi kachasu, masese kapena wa m'botolo. Samalaninso ndi chimanga ndi mtedza wa chuku. Chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amabweretsa khansa ya chiwindi, ndipo saphedwa ndi kuphika. Mtedza wowawa, wofota kapena wosintha mtundu, tayani.

Za zitsamba ndilankhule mosapita m'mbali. Chilichonse chimene mwamwa chimadutsa m'chiwindi. Mabotolo ogulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp olembedwa kuti amatsuka chiwindi kapena amakweza chitetezo, palibe amadziwa zimene zili m'katimo, ndipo chitetezo chanu sichikufunika kukwezedwa, n'chimene chikukumenyani. Ngati mwamwapo za kwa asing'anga, auzeni adokotala. Sakufunsani kuti akudzudzuleni. Akufuna adziwe chimene chakweza ALT asanakuwonjezereni prednisolone pachabe.

Mutu ukawawa, panado ndiye wabwino, koma wa chiwindi chouma asapyole magalamu 2 patsiku, amene ndi mapiritsi 4 a mamiligalamu 500. Brufen, diclofenac ndi aspirin zingayambitse kutaya magazi m'mimba ndi kuwononga impso.

Kodi autoimmune hepatitis imasanduka khansa?

Payokha ayi. Chimene chimatsegulira khansa khomo ndi kuuma kwa chiwindi. Mwa odwala 100 a chiwindi chouma, mmodzi kapena awiri pachaka amapezeka ndi khansa ya chiwindi, n'chifukwa chake amafunika sikani ya m'mimba miyezi 6 iliyonse, kuti chotupa chigwidwe chikadali chaching'ono. Amene chiwindi sichinaume, chiopsezo chawo n'chochepa kwambiri.

Zikavuta, kuika chiwindi china n'kotheka?

N'kotheka, ndipo kumagwira ntchito. Thomas Starzl anayesa koyamba ku Denver mu 1963, n'kupambana mu 1967. Lero odwala matenda atatuwa akaikidwa chiwindi china, pafupifupi 8 mwa 10 amakhala ali moyo pakatha zaka 5, ndipo ambiri amapitirira zaka 10 ndi 20. Chiwindi chimaphukanso, choncho wachibale wamoyo amatha kupereka gawo la chake. Nthenda ija imatha kubwereranso m'chiwindi chatsopanocho mwa odwala ena, ndipo mankhwala otsitsa chitetezo amamwedwa moyo wonse.

Ku Malawi opaleshoniyi sichitika. Pafupi ndi ku South Africa, ku Wits Donald Gordon Medical Centre ku Johannesburg ndi ku Groote Schuur ku Cape Town, ndipo ena amapita ku India. Ndalama zake n'zoti mabanja ambiri sangazikwanitse, kuwonjezapo mankhwala ndi kuyezetsa kwa moyo wonse pobwerako. Amene ali ku Britain amathandizidwa kudzera ku NHS, zipatala za boma za kumeneko. Odwala autoimmune hepatitis ambiri safika pofuna opaleshoniyi, koma kwa ife amene khomo limeneli lili kutali, mapiritsi a tsiku ndi tsiku aja ndiwo chitetezo chachikulu chimene tili nacho.

Magazi ali bwino koma ndimangotopa. N'chifukwa chiyani?

Kutopa kumeneku n'kwenikweni, ndipo kumatha kutsala ngakhale nthenda itakhazikika, makamaka pa PBC. Munthu amadzuka m'mawa ngati walima usiku wonse. Pakhomo amamuona ngati waulesi poti sakuoneka wodwala. Sikusonyeza kuti chiwindi chikuipiraipira. Pemphani akuyezeni kuchepa kwa magazi, chithokomiro, shuga ndi vitamini D, chifukwa zimenezi zimakonzeka. Kukhumudwa kwa mumtima nakonso n'kofala pa matenda okhalitsa, ndipo prednisolone amatha kukukulitsa. Kutchuleni kwa adokotala monga mmene mungatchulire kuwawa kwa mimba.

Kodi ndingapatsire amuna anga kapena ana? Ena akuti ndinalodzedwa.

Simungapatsire aliyense, kaya pogonana, podyera mbale imodzi kapena poyamwitsa. Pali kachibadwa kena m'magazi a banja kamene kamachititsa matenda a chitetezo kupezeka mwa achibale, koma ana ambiri a odwala sadwala nthendayi. Za kulodzedwazo zimabwera chifukwa nthenda imapita n'kubweranso, mimba n'kutupa, malungo osapezeka. Tengani mmodzi wa akuluakulu a m'banja, amene mawu ake amamveka, mupite naye kwa adokotala akadzimvere yekha.

Ndi zizindikiro ziti zothamangira nazo kuchipatala osadikira tsiku lolembedwa?

Kusanza magazi kapena zinthu zakuda ngati khofi. Chimbudzi chakuda bii ngati phula. Kusokonezeka, kuyankha zosagwirizana, kugona kodzutsika movutikira, manja kunjenjemera. Chikasu chatsopano kapena chowonjezeka. Mimba kutupa msanga, makamaka ikamawawa kapena thupi likatentha. Mkodzo kuchepa kwambiri. Kusanza kolepheretsa kumwa prednisolone kwa tsiku lathunthu.

Wosokonezeka sadziwa kuti wasokonezeka, choncho amene mumakhala nawo ayenera kuzidziwa zizindikirozi ndi kudziwa pamene mumasunga buku lanu la kuchipatala. Pa tsamba loyamba la bukulo lembani ndi zilembo zikuluzikulu dzina la nthenda, mankhwala amene mukumwa ndi mlingo wake. Kumapeto kwake jambulani mizere ya deti, ALT, AST, ALP, bilirubin ndi IgG, ndipo muzidzaza nthawi iliyonse mwayezetsa, kuti dokotala amene mwamupeza tsiku limenelo, ngakhale sanakuonenipo, aone m'mphindi imodzi kumene magazi anu achokera ndi kumene akulowera.